Mpanda Umene Mayi Kamphinda Anaboola

Pa kachipatala ka mishoni kamene kali kuseri kwa mapiri a Ntchisi, mayi Lidia Kamphinda ankagwira ntchito ya pakompyuta. Odwala akaonana ndi adokotala, iwo ankalowetsa mayina, midzi, manambala a foni ndi mankhwala amene aliyense walandira. Zinsinsi za chigwa chonse zinkadutsa m'zala zawo, koma pakamwa pawo panali potseka, ndipo anthu ankawakhulupirira chifukwa cha chimenecho. Akaweruka ankapita kunyumba yawo kuseri kwa tchalitchi, kumene kunalibe wowafunsa kuti aswera bwanji. Amuna awo anamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Thoko, anapita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku dziko lina la Aluya.

Kuchigwako netiweki ndi ya mwayi. Kuti uthenga ulowe pa kafoni kawo ka mabatani, mayiwa ankakwera pachitunda cha kumsika n'kukweza dzanja m'mwamba ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho. Kumene kunali Thoko nako, kuimba foni pa intaneti kunali kotsekedwa. Choncho mayi ndi mwana ankangolemberana timawu tiwiri titatu. “Ndili bwino amayi.” “Uzipemphera mwanangu.” Koma mawu olembedwa sanjenjemera, satsokomola. Sungadziwe ngati wolembayo wadya, kapena ngati akulemba misozi ili m'masaya.

Tsiku lina Thoko analemba uthenga wautaliko. “Amayi, anzanga kuno andionetsa pulogalamu ina yoimbira. Imadutsa ngakhale pamene patsekedwa. Muiike pa kompyuta ya kuntchito kwanu, tizimvana.”

Kompyuta ya pachipatalapo inali ndi intaneti yakeyake, yodzera pa mbale yoyera imene inali padenga, koma inkalola ntchito za chipatala zokha. Mayi Kamphinda anadikira kuti odwala athe, natsatira zimene mwana wawo analemba. Pulogalamuyo inalowa mosavuta ngati madzi pamchenga. Kunamveka kulira kwa foni, kenako mawu.

“Amayi? Mukundimva?”

Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. “Ndikukumva, mwanangu.” Tsiku limenelo analankhulana zochepa, nthawi yambiri ankangomverana kupuma. Kuchokera pamenepo, madzulo aliwonse abwana a Thoko akapita kokapuma, kaofesi kaja kankadzaza ndi nkhani: za kutentha kwa kumeneko, za mbuzi ya abusa imene inadya maluwa a patchalitchi, za amene wakwatiwa ndi amene wabereka. Anamwino anayamba kunena kuti mayi Kamphinda abwerera kuutsikana.

Patapita mwezi kunabwera a Vinsenti Chadza, katswiri wa makompyuta amene ankayendera zipatala za mishoni pa njinga yamoto kuchokera ku Mponela. Atangoyatsa kompyuta, nkhope yawo inasintha.

“Mayi, ichi waika ndani?”

“Ndine, achimwene. Ndimalankhulirapo ndi mwana wanga.”

A Vinsenti anakoka mpando n'kukhala pansi. “Kompyutayi ili ndi mpanda. Simungauone ndi maso, koma uli ngati wa kudimba: uli ndi chipata chimodzi, ndipo chilichonse cholowa kapena kutuluka chimafufuzidwa pomwepo. Pulogalamu yanuyi siidzera pachipata. Imakumba pansi pa mpanda. Ndiye chibowo sichisankha, mayi. Polowera mawu a mwana wanu, wina akhoza kulowerapo. Amene anaipanga sitikumudziwa, ndipo sitikudziwa chimene amafuna pogawira anthu chinthu chotere mwaulere.”

“Mwezi wonse ndakhala ndikuimba. Palibe chachitika.”

“Chiswe chikamadya denga mumachimva?”

Mayi Kamphinda anangoyang'ana kumbali. A Vinsenti anachotsa pulogalamuyo. Anawalangiza kuti apeze foni yaikulu, azijambula mawu n'kutumiza akakwera kuchitunda. Mayiwa anayankha kuti mawu ojambula sayankha ukawafunsa. A Vinsenti anawamvera chisoni, ndipo sanakanene kwa akuluakulu. Anangoti, “M'kompyutamu muli miyoyo ya anthu. Chonde musabwezeretse.”

Mayi Kamphinda anapirira masiku angapo. Inali nyengo yachisanu, pamene nkhungu imagona m'mapiri mpaka dzuwa litakwera. Ankaweruka, n'kutseka chitseko, n'kukhala pamkeka akumva ana a eni ake akuitanidwa kuti akadye. Nyumba inkachita kulira kuti zii. Kenako uthenga wa Thoko unalowa: “Amayi, mwandiiwala? Ndikudwala chifuwa, ndimafuna ndingomva mawu anu.”

Mawa lake pulogalamu ija inabwerera pa kompyuta. “Kamodzi kokha,” anadziuza mumtima. Kamodziko kanabala kawiri, kawiri kanabala chizolowezi. A Vinsenti akatsala pang'ono kubwera mayiwa ankaichotsa, akangomva njinga yamoto ikutsika phiri ankaibwezeretsa.

Zizindikiro sizinalephere kubwera. Kompyuta inayamba kulemera, kutsegula tsamba limodzi ngati ikukoka ngolo pamatope. M'mawa wina anaona kamuvi ka pagalasi kakuyenda kokha, dzanja lawo lili pachifuwa. Anati mwina ndi magetsi. “Ndichotsa Thoko akangochira,” anatero. Thoko anachira. “Ndichotsa mwezi ukatha.” Mwezi unatha, wina unayamba.

Lolemba lina, odwala asanayambe kufika, pakhomo pa ofesi panaima mayi wina wachichepere, mwana kumsana, kamtolo ka zovala pamutu, diso limodzi lotupa. Anali Modesta, mkazi wa tenanti wa pa esiteti ya fodya ya kutsidya. Mayi Kamphinda ankamudziwa bwino. Modesta ankalandira mankhwala otalikitsa moyo, ndipo anali asanapeze mphamvu zouzira mwamuna wake, Elisha. Poti analibe foni, nambala imene analembetsa kuchipatala inali ya mwamunayo.

“Takhalani pansi, Modesta. Chachitika n'chiyani?”

“Sindikhala.” Mawu ake anali ouma. “Dzulo kunaimba munthu. Akuti ndi wa kuchipatala kuno. Anatchula dzina langa, mudzi wa kwathu, dzina la mankhwala, ngakhale tsiku limene ndinayamba kumwa. Akuti tikapanda kumutumizira ndalama auza esiteti yonse. Foniyo anayankha ndi bambo a mwanayu.”

Modesta anawayang'ana m'maso.

“Munandilonjeza, mayi. Munati zikhala pakati pa ine, inu ndi adokotala. Ndimafuna ndiwauze ndekha, fodya akatha, mitima ili pansi. Mwawauza ndani?”

“Sindinauze munthu, mwanangu.”

“Nanga wadziwa bwanji?”

Mayi Kamphinda sanauze munthu, zoona, koma anadziwa pomwepo njira imene chinsinsicho chinatulukira.

Modesta sanali yekha. Sabata yomweyo kunabwera mphunzitsi wina, kenako mkulu wa mpingo amene analowera khomo la kuseri chipewa chili kumaso. Onse anaimbiridwa ndi munthu yemweyo wosadziwika, ndipo nambala yake ikaimbidwa sinkapezeka. Koma oopsa kwambiri anali amene sanabwere n'komwe. Tsiku lolandira mankhwala mabenchi anali mbee. Ena anayamba kuyenda ulendo wautali kupita ku Mponela kumene sadziwika. Ena, osowa choyendera, anangosiya kumwa.

A Vinsenti anafika ndi akuluakulu awiri a mishoni. Anafufuza kompyuta, kenako anatembenuka.

“Munabwezeretsa, mayi?”

Mayi Kamphinda anagwedeza mutu movomera, maso ali pansi.

“Munthuyo wakhala akulowa ndi kutuluka m'muno ngati m'nyumba mwake. Wakopera zonse. Ngakhale titatseka lero, zimene watenga sitingazibweze.” Anapuma mozama. “Nanenso ndili ndi mlandu. Ndikananena tsiku lija.”

Kompyuta inamangidwa pa njinga yamoto n'kupita. Ntchito ya mayi Kamphinda inathera pomwepo, ndipo nyumba ya kuseri kwa tchalitchi anauzidwa kuti aipereke. Palibe anawakalipira. Anthu anangosiya kuwaona. Kuchitsime amayi ankadula nkhani iwo akamafika. Kutchalitchi benchi imene ankakhala inkatsala ndi malo mbali zonse ziwiri.

Anakwera kuchitunda n'kulembera Thoko kuti achotse pulogalamu ija pa foni yake msanga. Yankho linabwera: “Ndachotsa amayi. Ndiye tizimvana bwanji?” Analiyang'ana kwa nthawi yaitali, n'kubweza kafoni m'thumba osayankha.

Tsiku lonyamuka kupita kumudzi kwawo ku Chisepo, anafika pamsewu ndi katundu wawo m'mawa, nkhungu isanachoke. Pasiteji panali munthu mmodzi yekha: Modesta, amene anakhala masiku onsewo kwa mbale wake pafupi ndi msika, akuyembekeza kuti mwina Elisha amuitana. Sanamuitane. Tsopano ankabwerera kwa makolo ake.

Mayi Kamphinda anayandikira pang'onopang'ono. “Modesta, ndikhululukireni. Ndinalibe cholinga choipa. Ndimangofuna kumva mawu a mwana wanga.”

Modesta anakonza nsalu ya mwana kumsana. Anayang'ana kumsewu, osati kwa iwo.

“Mwana wanuyo ali bwino?”

“Ali bwino.”

“Chabwino. Bola wina ali bwino.”

Galimoto ya matola itafika, mayi Kamphinda anatambasula dzanja kuti amuthandize kukweza kamtolo. Modesta anakakweza yekha, n'kukakhala kumapeto kwenikweni. Anatsika mapiri onsewo m'galimoto imodzi, maondo awo atatsala pang'ono kugundana.

Mayi Kamphinda sanali munthu woipa. Anali munthu wozizidwa amene anapeza pofunda. Anachenjezedwa, anaona zizindikiro ndi maso awo, koma tsiku lililonse ankati adzachoka mawa, poti lero pakadali bwino. Chilombo sichidikira kuti munthu akhute kutentha, ndipo chikafika sichitenga wogonayo yekha. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene anati: pakadafunda padajiwitsa galu.