Mimba ya a Gong ku Jinghong

Chisanu chikangoyamba ku Harbin, a Gong Deshan ankavala majekete atatu n'kumatukwana mphepo pawindo. Ndiye mwana wawo Lanxin atanena kuti ukwati wake ukachitikira ku Jinghong, kwawo kwa mwamuna, kumene chisanu amangochimvera mbiri, mkuluyo anavina m'khitchini. Ntchito yawo paukwatipo inali imodzi: kumanga ulusi woyera padzanja la mwanayo, monga amadalitsira akwati anthu akumeneko.

Anafika kutatsala masabata atatu. Mkamwini wawo Ai Kham anawalandira ndi malaya a manja aatali komanso mafuta othamangitsa udzudzu.

"Bambo, muzidzola awa. Kuno kuli udzudzu wa mawanga oyera, umaluma masana ndipo umapatsa matenda a dengi."

"Udzudzu mu Okutobala? Kwathu unafa kalekale!" anaseka a Gong. "Ndakalambira m'jekete ine, lero mundikutirenso? Usiku ndigona m'neti, koma masana ndi anga."

Munthu wamakani sachedwa kupeza malo. Tsiku lililonse ankapindira malaya pachifuwa monga amachitira madoda akwawo kukafunda, n'kukhala pansi pa nthochi, pafupi ndi miphika yamaluwa yodzaza madzi.

"Mimba mwaiyalayo ili ndi oidya," anatero akazi awo, a Shufen.

"Adye, ndi yaikulu!"

Udzudzu unaidyadi. Sabata isanathe, thupi linatentha, mafupa ngati awaphwanya ndi hamala. Kuchipatala anati ndi dengi. Anagona m'neti usana ndi usiku, akumwa madzi ndi phala la mpunga. Koma chimene chinawaliza si mafupa ayi. Anamva akazi awo akunong'oneza Lanxin kuti zikavuta, ulusi adzamanga ndi amalume ake. Mwana mmodzi yekhayo! A Gong anatembenukira kukhoma, misozi chuchuchu.

Mwamwayi anadzuka kutatsala masiku anayi. Paukwati anafika atawonda, mabatani atatseka mpaka m'khosi, mafuta aja akumveka fungo patali. Anamanga ulusiwo, Lanxin akulira uku akuseka.

"Dzuwa lathu mwalikonda, bambo?" anafunsa mkamwini.

"Kwambiri, mwanangu. Koma bwanji simunandiuze kuti limayenda ndi abale ake?"

"Aa! Ndinanena inetu!"

Anthu onse anafa nalo phwete, ndipo a Gong ndiwo anaseka koposa, chifukwa mtima unali utakhala m'malo. Kutentha kumene ankakulakalaka zaka zonse zija anakupeza, koma pamodzi ndi udzudzu wake. Paja walira mvula walira matope.