Khoma Loletsedwa Kugwira

Inu amene mukusunga okalamba pakhomo, tcherani khutu, chifukwa zonyezimira zabwerazi sizifunsa kuti m'nyumbamo mukukhala ndani.

Padali atelala ena amene maso awo adachita ng'ala atakalamba. Makina adawasiya, n'kumakhala ndi mwana wawo wachisamba, wogulitsa mafoni, amene anzake ankamutcha Zamakono. Nyumbayo atelala ankaiyenda ndi dzanja. Akatuluka kuchipinda ankatsata khoma, n'kugwira kabati ya mbale, n'kugwira msana wa mpando wawo wa ndalema, kenaka chogwirira cha chitseko cha kuchimbudzi. Wowatsogolera sankamufuna. Kungoti pakhoma padatsala mzere wakuda wa dzanja lawo, kuchokera kuchipinda mpaka kukhonde.

Tsiku lina Zamakono adafika ndi zithunzi pafoni. "Taona, mayi a mwana, anzathu akukhala chonchi. Pabalaza mbee, katundu wochepa, mpweya wokhawokha. Ife tikukhala ngati pamsika wa kaunjika."

"Zakongola ndithu," adatero mkazi wake. "Koma abambo aziyenda bwanji?"

"Azolowera. Munthu sazolowera kodi?"

Mkaziyo adafuna kuonjezera, koma mwamuna akaika mtima pa chinthu makutu amamera udzu. Amisiri adabwera, n'kugwetsa khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza. Kabati ija idapita kwa anansi, mpando wa ndalema n'kukaponyedwa kuseri. Pansi adayala matailosi oyera oterera ngati sopo wonyowa. Pakati adaika katebulo kagalasi kolekeza m'maondo, koti ngakhale wamaso awiri amakaona atakagunda kale. Zitseko zidabwera zopanda zogwirira, zongokankha. Pomaliza makoma onse adawapaka penti yoyera ngati mkaka.

Ntchito itatha, Zamakono adakagwada kwa bambo ake. "Bambo, khomali musamaligwire, penti yake sichedwa kuda. Mukafuna kanthu muzingoitana."

"Ndamva, mwanawe. Nyumba ndi yako."

Munthu wamkulu akakuyankhani mofatsa chotero, opani. Pamenepo sanavomere, wangomeza.

Atelala adayesa ndithu. Adatuluka manja ali m'malere, kufufuza kabati pomwe padalibe kabati, mpaka msongolo wawo udakumana ndi katebulo kaja. Adabwerera chokwawa. Zoitanazo nazo zidali ndi vuto. Masana mwana wawo ankakhala kuntchito, pakhomo n'kutsala mpongozi yekha. Nanga munthu wa imvi angaitane mpongozi wake kuti amuperekeze kokadzithandiza? Ndiye adapeza nzeru yawoyawo, nzeru yoopsa: kusiya kumwa. Tiyi ankangomunyambita. Madzi akabwera ankati, "Ikani pomwepo, mayi, ludzu ndilibe." Imeneyo idali nyengo yotentha, yoti ngakhale mwala umalira thukuta.

Kubalaza kudali chisangalalo. Anzake a Zamakono ankavula nsapato pakhomo, n'kumajambulitsa atatsamira sofa.

"Amwene, iyi ndi nyumba kapena hotela? Tikalipire kuti?"

"Khalani mosamala, a chimidzi inu," ankaseka Zamakono chifuwa chili patsogolo. "Izi si za aliyense."

Palibe adafunsa kuti mkulu uja ankakonda kukhala pakhonde ndi wailesi wapita kuti. Mkazi wa Zamakono adatsina khutu mwamuna wake kuti abambo sakutulukanso ndipo milomo yawo yayamba kusweka, iye n'kuti ndi ukalamba.

Masana ena mpongozi adapeza atelala ali pansi pafupi ndi bedi, akulankhula zosamveka, khungu lili gwaa ngati chikopa choyanika. Adathamangira nawo kuchipatala. Namwino powaika madzi a m'botolo adayang'ana banjalo ndi diso loipa. "Thupi lauma ili. Kwanuko madzi mumawabisa?"

Mlongo wake wa Zamakono, wogulitsa masamba pamsika, adafika thukuta lili kamukamu. Atelala atatsitsimuka, iye adakhala pamphepete pa bedi. "Bambo, mwatani kodi? Madzi mumakaniranji?"

"Ndikamwa ndipita bwanji kuseri, mwanawe? Khoma ndi loletsedwa, pansi mpoterera, chitseko sindichipeza. Ndiziitana apongozi anga andigwire dzanja ngati khanda? Bola ludzu."

Mlongo uja adatembenukira mchimwene wake. "Achimwene, ndiye mwasunga penti n'kuumitsa bambo?"

Zamakono adagwada pasimenti, misozi ili mbwembwembwe. "Bambo, ndalakwa. Kabati ndikaitenganso, zogwirira ndiika, khoma muziligwira mmene mungafunire."

"Dzuka, mwanawe, sindidakwiye," adatero atelala akumupapasa kumutu. "Kabati ukhoza kubweza, koma miyendo yanga yachita mantha ndi nyumba ija, ndipo mantha a nkhalamba satuluka ndi kupepesa. Ndipita kwa mlongo wakoyu. Kwake n'kopanikiza, ukangotambasula mkono wagwira kanthu."

Zamakono adachonderera, mkazi wake nayenso adachonderera, koma mkuluyo adali atalasa mtima. Potuluka m'chipatala galimoto idakhotera kwa mlongo, ku kanyumba ka zipinda ziwiri kodzaza mabeseni ndi madengu. Kumeneko atelala amamwa madzi mmene afunira, ndipo thupi lidabwerera.

Nyumba ya Zamakono ikadali yokongola mpaka lero, odutsa amachita kusuzumira pawindo n'kumasirira. Mwini wake akafuna kuona bambo ake amakwera basi, n'kukakhala pa ndowa yovundikira, poti mpando wokhawo wa kumeneko amakhalira atelala. Tsono musanagwetse khoma kapena kutaya mpando wakale, yambani mwayang'ana amene amatsamirapo. Osirira pawindo aja amangoona kuyera kwa penti. Akuluakulu adanena kale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.