Vinyo Amene Anathera M'mavoti

Panali munthu wina wofulula vinyo wa chidede. Chaka chilichonse ankasungako botolo limodzi, ndipo anali nawo atatu: la chaka cha chilala, la chaka cha madzi osefukira, ndi la chaka chatha. Kuchionetsero cha zaulimi anamulola kupititsa botolo limodzi lokha. Mwayi umenewu anali ataudikira nthawi yaitali.

Poti mutu umodzi susenza denga, anaitana anzake asanu ndi anayi kuti alawe, amusankhire.

Atalawa, anakweza manja. La chilala linapeza manja anayi, la madzi osefukira atatu, la chaka chatha awiri.

"Iyayi," anatero mayi wina. "Asanufe tikuti la chilalalo n'lowawasa ngati bwemba. Lipambana bwanji? Chotsani lotsirizalo, tivotere awiri otsalawo. Koma tilawenso kaye."

Mwini vinyo anathira. Awiri a botolo lochotsedwa lija anapita ku la madzi osefukira, ndipo linapambana ndi manja asanu.

Apo mphunzitsi wina wopuma ntchito anaimirira. "Manja amanama. Aliyense atenge nyemba zitatu. Ziwiri aike pa limene walikonda kwambiri, imodzi pa lachiwiri. Tangothiraninso pang'ono, achimwene, lilime laiwala."

Anathiranso. Nyemba zinaunjikana pa la chaka chatha, lomwe lija anali atalitaya, chifukwa onse amene sanaliike poyamba analiika pachiwiri.

Mavoti atatu, opambana atatu, malilime omwewo! Tsono aliyense anakakamira njira imene inapambanitsa botolo lake. Zimandinyansa ngakhale kuzifotokoza. Anavota, nalawa, navotanso, mwini vinyo akungothira poopa kukhumudwitsa alendo.

Dzuwa litapendeka anagwirizana kuti nyemba basi. Munthu uja ananyamula botolo lopambanalo, nalizondotsa pamaso pawo. Sipanagwe ngakhale dontho. Enawo chimodzimodzi. Kuchionetsero sanapite.

Inu amene mumakhala m'makomiti, musayang'ane kumbali, ndikunena inu. Njira iliyonse yovotera ili ndi chilema chake, ndipo munthu akadziwa kale chimene akufuna, amathamangira njira yomukomera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Gwirizanani kavotedwe botolo lisanatsegulidwe, ndipo chimene chatuluka muchilandire. Apo ayi, mudzagwirizana ndithu, koma pa botolo lopanda kanthu.