Mwana wa Wogulitsa Miswachi

Ndikulumbira pali manda a malume anga, zimene ndinene apazi ndi zoona zokhazokha. Ngati muli bodza ngakhale limodzi, mano anga onse agwe lero lomwe. Ndatsala nawo asanu ndi anayi, ndiye mudziwe kuti sindikuseka.

Panali munthu wina pamsika wa Lizulu amene ankagulitsa miswachi ndi mankhwala otsukira mano. Mano ake anali oyera ngati ufa wa mphale yokonola kawiri. Akaseka masana, oyendetsa minibasi ankatsitsa chotchinga dzuwa.

Munthuyu anali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu, dzina lake Sekerani. Mwanayu ankatsukidwa mano m'mawa ndi madzulo, osaphonya ngakhale tsiku la maliro. Switi ankangoiona m'manja mwa anzake. Tiyi wake unali wosalawa shuga, moti nyerere zinasamuka pakhomopo n'kupita kwa aneba.

Tsiku la msika bambo ake ankamukhazika pabenchi, pakati pa miswachi. Wogula akayamba kukayika, iwo ankangoti, "Seka, mama, awone." Mwana n'kuseka, wogula n'kutenga iwiri.

Tsiku lina akumutsuka, bambo ake anaona kadontho kakuda padzino lachitsakano. Anapukuta, sikanachoke. Anasintha mswachi, sikanachoke. Patapita mwezi kadontho kaja kanasanduka dzenje, ndipo dzino lina lapafupi linayambanso kuda.

Mayi a mwanayo ananena kuti apite naye kuchipatala. Bamboyo anakana. Anati mano a mkaka ndi alendo, adzagweruka okha. Koma chenicheni chinali manyazi. Pamzere wa kuchipatala pamakhala anthu omwewo amene amagula pabenchi lake. Adzati chiyani akamuona iye, mwini miswachi, atanyamula mwana wa mano obooka?

Ndiye anamuuza mwana kuti pamsika asamasekenso.

Mwana anamvera. Ankakhala pabenchi milomo ili phwii, ngati wameza njere ya mango. Anayamba kutafunira mbali imodzi. Kenako chimanga chootcha anachisiya, nzimbe anazisiya, madzi ozizira ankamwa akutsinzina. Miyezi itatu inatha choncho.

Tsiku lina la msika, anthu ali thithithi, kunabwera mayi wina wogula kalekale. Anamusisita mwana pamutu n'kumupempha kuti amusekere ngati kale. Mwana anayang'ana bambo ake, tsaya lili lotupa, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Ababa, ndiseke kapena mano anga akadali oipa?"

Bamboyo anayang'ana miswachi yake, anayang'ana tsaya la mwana. Kenako anasonkhanitsa katundu yense m'katoni, dzuwa lili pamutu, ogula ataima ndi ndalama m'manja. Anamubereka mwana kumsana ndi chitenje cha mayi ake, n'kudutsa pakati pa msika wonse kulunjika kuchipatala.

Pamzere anapezadi makasitomala ake. Palibe anamuseka. Aliyense anali atagwira tsaya lake kapena la mwana wake. Bambo wina anangosendera kuti iye akhale.

Dokotala wa mano anali mayi wamfupi wosachedwa kulankhula. Atayang'ana m'kamwa mwa mwana, anafunsa za tiyi, za maswiti, za katsukidwe. Bamboyo anayankha zonse ngati wophunzira wokhoza. Dokotala anati ana ena mano awo amamera ndi chikopa chofooka, ngati nyumba yomangidwa ndi njerwa zosapsa bwino, ndipo amabooka ngakhale muwasamale. Anati kutsukako n'kumene kunapulumutsa enawo.

"Simunalakwe potsuka, bambo," anatero. "Munalakwa pobisa. Mukanabwera kadontho kadakali kakang'ono, tikanangomata."

Dzino lina analimata. Loyamba lija analizula.

Atafika kunyumba, Sekerani anatenga dzino lake lozulidwalo kuti aliponye padenga, monga amachitira ana, kuti khwangwala atenge loipa n'kubweretsa labwino. Anada nkhawa kuti khwangwala alikana chifukwa cha dzenje. Analiponyabe. Khwangwala anatera, analitembenuza ndi mlomo, analiyang'ana ndi diso limodzi, n'kunena kuti pantchito yake yonse sanaonepo dzino lobooka lotsukidwa bwino chonchi. Analitenga. Mwana anaseka mpaka mpata wa dzino uja unaoneka, ndipo bambo ake sanamuletse.

Sabata yotsatira anabwerera pabenchi. Wogula wina anaona mpatawo n'kufunsa ngati miswachiyo ndi yabodza. Bamboyo anati, "Miswachi ndi yeniyeni. Gulani, mutsuke ana. Koma muziwayang'ananso m'kamwa."

Tsono inu amene muli ndi ana, mukhoza kuchita zonse bwino, vuto n'kubwerabe. Limenelo si tchimo lanu. Mukaona kadontho, musayambe mwafunsa kuti anthu adzati chiyani. Anthuwo ali pamzere womwewo. Manyazi ndi anu, koma amene amatafunira mbali imodzi ndi mwana.

Za khwangwala kulankhula zija, chabwino, ndawonjezera ndekha. Anangotola n'kuuluka. Koma mano anga ndawawerenga, akadali asanu ndi anayi.