Labala Yakale

Kumapiri a ku Neno kunali bambo wina amene anali ndi kagalimoto kokalamba. Mkazi wake ankadwala m'mimba, ndipo madokotala a ku Blantyre anamuuza kuti afike Lachinayi m'mawa, osachedwa, kuti akamuchite opaleshoni.

Tsono galimotoyo inkadontha oilo pamalo pomangira fyuluta. Lachitatu bamboyo anagula fyuluta yatsopano pamodzi ndi labala yake yotseka kuti oilo asatuluke. Anayala thumba pabwalo, nakwawira kunsi kwa injini. Atamasula fyuluta yakale, anapeza labala yake itamatirira pachitsulo, youma gwaa, yakuda bii. Anaikanda ndi chikhadabo, koma inakana.

Mnansi wake, amene kale anali makaniki, anasuzumira nati, "Achimwene, yambani mwapala yakaleyo, chitsulo chiyere."

Bamboyo anaseka. "Aa, nthawi ilipo? Labala ziwiri si ndiye kulimba kumene?"

Anasanjika yatsopano pamwamba pa yakale, namanga zolimba mpaka thukuta kamukamu. Analiza injini, osaona dontho ngakhale limodzi. Mtima wake unakhala pansi.

Abale anga, pabwalo chilichonse chimaoneka chabwino. Koma m'mawa mwake, ali pachitunda pa ulendo wa ku Blantyre, injini itatentha, labala yakale ija inaphulika. Oilo yense anakhuthukira mufumbi, injini n'kunoka, galimoto n'kuferatu pomwepo. Mkazi wake uja anatsika, nakhala pamwala atagwira pamimba. Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka, atakwera lole ya mbatata. Dzina lake linali litaitanidwa kalekale. Anauzidwa kuti adzabwerenso pakatha miyezi itatu. Miyezi itatuyo sanaimalize.

Nkhaniyi imandipweteka, chifukwa bamboyo sanali munthu woipa ayi. Mkazi wake ankamukonda. Fyuluta anagula yeniyeni. Chimene anakana n'chimodzi chokha: kupala chakale.

Ifenso timatero. Tabatizidwa, tavala yunifolomu ya chigwirizano, tikuimba kwaya, koma kunsi kwamatirira chidani cha zaka khumi, kapena chibwenzi chija sitinachithetse. Timati tikamanga zolimba ndi mapemphero zigwirana. Sizigwirana! Moyo watsopano sukhala pamwamba pa tchimo louma. Pano m'tchalitchi simudontha, inde, koma chitunda chikubwera.

Lapani lero, palani mpaka mtima uyere. Pakuti tsiku lomwe chakalecho chidzaphulike, simudzakhala nokha m'galimotomo.