Chingwe cha a Msosa

Kalekale ndithu, msewu wa tala usanafike kwathu kuno, kuseri kwa phiri kunkakhala bambo wina wosaona, a Msosa. Anabwera kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, maso n'kuwafera konko, akazi awonso n'kumwalira. Wachibale analibe ngakhale mmodzi. Anangotsala ndi mwana wamkazi, Mwandida, ndipo mwanayo ndiye anali maso awo. Kumjigo, kudimba, ngakhale kuchimbudzi, dzanja la bambo linkakhala paphewa pa mwana. Anzake amsinkhu wake ankadziwa kale kuwerenga, iye m'kalasi asanapondemo.

Pasukulu ya m'deralo aphunzitsi anali ndi chizolowezi chawo. Tchuthi chachikulu chikamatha, ankayenda khomo ndi khomo kucheza ndi makolo, kuti sukulu ikadzatsegulidwa asadzaonane ngati alendo. Chaka chimenecho aphunzitsi atatu anaponda pakhomo pa a Msosa.

Oyamba anali mayi Nankhoma. Atangotchula za sukulu, a Msosa anatola ndodo n'kuyamba kumenya paliponse, akukalipa kuti anthu abwera kudzawakolowola maso kachiwiri. Mayi aja liwiro, nsapato kumanja! Koma m'mawa mwake anabweranso. Za sukulu sanaziyambenso. Ankangokhala pakhonde n'kumathandiza kuswa mtedza, kufunsa za kwawo kwa bamboyo, za malemu akazi awo. Anabwera, nabweranso, mpaka tsiku lina a Msosa anagwetsa misozi.

"Mayi, ine sukulu sindidana nayo ayi," anatero. "Ndimachita mantha. Mwanayu akangochoka pakhomo pano, ndiye kuti mwandikwirira ndili wamoyo."

Achiwiri anali a Kamwendo, munthu wosakonda zolankhulalankhula. Atamva kwa mayi Nankhoma chimene chinkaopsa bamboyo, anakadula khonje, napota chingwe mpaka manja kutuluka matuza. Anazika mitengo, namanga chingwe china kuchokera pakhomo kukafika kuchimbudzi, china chachitali kudutsa m'udzu wa m'dambo mpaka kudimba. Kenako anagwira dzanja la a Msosa n'kuliika pachingwepo. Tsiku limene bamboyo anapita okha kudimba n'kubwerako ndi mpiru kumanja, anaseka ngati mwana. Pomwepo ananena kuti Mwandida apite kusukulu.

Achitatu anali a Chimbalanga, mphunzitsi wa Sitandade 1, amene mwanayo akanakhala m'kalasi mwawo. Awatu nkhani yonseyi inkawanyansa. Ankati mtsikanayo wakula kale, tiana tizikamuseka, ndipo ndi munthu wanji wamutu wabwino amene angasiye wosaona yekha tsiku lonse? Ulendo wawo ankangouzengereza. Ananyamuka Loweruka lomaliza, sukulu ikutsegulidwa Lolemba, ndipo ankapita kukanena mosapsatira kuti zonsezi zilekeke.

Tsono tamverani tsoka. Tsiku lomwelo mayi Nankhoma anali atatenga Mwandida kupita naye kwa telala kukayesa yunifolomu. Chibadwire, aka kanali koyamba mwanayo kupita kutali n'kusiya bambo ake okha pakhomo. A Msosa anagwira chingwe chawo, ulendo wa kudimba. Inali nyengo ija udzu umakhala utauma gwa, osaka mbewa n'kumatentha tchire mwachisawawa. Moto unabuka m'dambo, mphepo n'kuukankha. A Msosa atamva kuthetheka anatembenuka kuti athawire kunyumba. Anakoka chingwe, chingwe n'kungobwera chokha m'manja, nsonga yake ikufuka utsi. Anaima pakati pa dambo, osadziwa kuti kunyumba n'kuti, akungofuula dzina la mwana amene kunalibe.

Amene anamva kufuulako anali a Chimbalanga, akubwera panjinga paulendo wawo uja. Anataya njinga, nalowa m'motomo osaganiza kawiri. Anatuluka atabereka bamboyo kumsana, malaya akuyaka, manja awo atasupuka khungu. A Msosa anali moyo, koma miyendo ndi msana zinali zosayang'anika.

Anthu anathamanga kukabwereka ngolo kuti awatengere kuchipatala cha kutali. Ngolo inafika, ng'ombe zili m'goli, koma a Msosa anakanitsitsa kukwera. Anagwira mkono wa Mwandida, amene anali atafika akulira, atakumbatira kansalu ka yunifolomu. Mwanayo anachonderera kuti apite nawo, akawadikirire kuchipatalako monga amachitira masiku onse.

"Iyayi, mwanangu," anatero a Msosa. "Ndakudyera zaka zokwanira. Kumene ndikupitaku sindikudziwa ngati ndikabwereko. Ndikufuna ndikusiye m'manja mwa munthu mmodzi, akhale kholo lako. Mwana wa anthu atatu amagona ndi njala, aliyense akuyesa kuti wadya kwa mnzake. Ndisanamve dzanja la munthu ameneyo, pangolopo sindikwera."

Abale inu, mpamene panavuta. Aphunzitsi atatu aja anali pomwepo, ndipo onse anatambasula manja.

Mayi Nankhoma anati pakanapanda iwo kupirira ndodo ija, khomo limeneli likanakhala lotseka mpaka lero, ndipo mtima wa mwanayo amaudziwa ndi iwo. Koma ena m'gulumo anang'ung'udza kuti ndi mayi omwewa amene anachotsa maso a munthu pakhomo chifukwa cha kansalu.

A Kamwendo anangoonetsa zipsera za matuza m'manja mwawo, nati kucheza kokha sikukanamasula mwana, chinamumasula ndi chingwe. Anthu anayankha kuti inde, koma ndi chingwe chomwecho chimene chinatsogolera bamboyo pakati pa udzu wouma n'kuwasiya pomwepo.

A Chimbalanga sanathe n'kutambasula bwino zala zopsazo. Anati iwo ananeneratu kuti wosaona sasiyidwa yekha, ndipo zitavuta, analowa m'moto ndi iwo. Apa mayi wina anafunsa mokweza kuti kodi paja m'mawa wa tsiku lomweli ankabwera kudzatani? Si kudzakana mwana yemweyu kuti asaponde m'kalasi mwawo?

Dzuwa linkapendeka. Mwini ngolo ankangoyang'ana kumwamba, akudandaula kuti njira ndi yaitali ndipo munthuyu akutha mphamvu. Mwandida ankangolira, misozi ili chuchuchu. A Msosa, dzanja lamanzere litagwira mwana, anakweza lamanja n'kumapapasa m'malere, kufuna dzanja loti alandire mwana wawo.

Ine nkhaniyi ndaifikitsa pamenepa, ndipo bamboyo akupsa ndi ululu mpaka inu muyankhule. Manja atatu ali patsogolo pawo: la amene anatsegula mtima wawo, la amene anawapatsa njira, ndi la amene anawatulutsa m'moto. Tanenani msanga, ngolo ikudikira: Mwandida aperekedwe m'dzanja la ndani?