Kalumo ka Rabi ndi Tambala wa Kameta

Zinachitika kale ndithu, masiku amene basi inkafika m'mudzi mwa Chimphepo kawiri kokha pa sabata. M'mudzimo munali mayi wosoka zovala, dzina lake Nachisale. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Mwandida, amene anafunsiridwa ndi mnyamata wa kutsidya kwa dambo.

Sabata ya chinkhoswe, basi inatsitsa mlendo wandevu zofika pachifuwa, kachipewa kakang'ono kali pamutu. Anali Rabi Zalimani, mphunzitsi wa chipembedzo cha Ayuda, yemwe ankalemba buku la nthabwala ndi nkhani zazithunzi za anthu a kwawo. Anabwera kudzamva mmene ife kuno timasekera. Nachisale anamupatsa chipinda chosokeramo kuti azigonamo.

M'mawa mwake mayiyo anaona kalumo patebulo la mlendo.

"Abambo, kalumo muli nako. Nanga ndevuzi mukusungira ndani? Mbalame ziikiramo mazira!"

Rabi anaseka mpaka ndevu kugwedera. Chichewa chake chinali chotsimphina, koma chinkafika. "Mwambo wathu sulola kalumo kukhudza ndevu, mayi. Aka n'kosongolera pensulo. Makolo athu ankasamukasamuka pothawa mavuto. Katundu ankasiya, koma nthabwala ankanyamula. Ana awo ena anasanduka oseketsa anthu, ena ojambula nkhani m'timabokosi. Lamulo lake n'limodzi: yamba wadziseka wekha."

Tsiku linafika. Mwa mwambo, nkhoswe ya kuchimuna imapereka tambala, ya kuchikazi n'kupereka msoti. A Gwaza, mlongo wake wa Nachisale, anaimirira ndi msoti wawo. A Chikaonda, nkhoswe ya mnyamata, anavundukula dengu n'kutulutsa tambala wamkulu wa kameta, uja wa khosi lofiira lopanda nthenga.

Tsono a Gwaza anali ndi dazi lowala ngati mbale yatsopano. Wina kumbuyo anaseka pang'ono, ndipo a Gwaza anamva.

"Mwachita dala!" anakalipa. "Nkhuku zonse za kwanu zija, mwasankha yofanana ndi mutu wanga?"

"Ndiye wonenepa kuposa onse, akulu," anayankha a Chikaonda. "Kodi mukufuna kudya nthenga?"

"Tengani tambala wanu. Mwana wathu sakwatiwa ndi anthu achipongwe."

Ankhoswe awiriwo anakhala pansi atapatsana misana. Nthungululu zinazima. Akuluakulu a m'mudzi anayesa kuwanyengerera, koma aliyense anali kale ndi mbali yake, ndipo mawu ankangowonjezera moto. Dzuwa linapendeka. Akuchimuna anayamba kupinda mphasa. Nachisale anayang'ana mwana wake akulira chamumtima, atavala diresi limene anamusokera masabata atatu.

Pamenepo panamveka kaphokoso: kwe, kwe, kwe. Anali Rabi pakhonde, akusongola pensulo ndi kalumo kake. Anapempha pepala lalikulu lodulirapo zovala, n'kujambula mabokosi atatu. Atatha anaitana Nachisale.

"Ine ndine mlendo, sindingaime pabwalo lanu. Kaperekeni inu."

Nachisale anagwada pamaso pa mlongo wake n'kutambasula pepalalo.

M'bokosi loyamba munali Rabi mwiniwake, mphepo itamuulutsira kachipewa, nkhuku zitaima pamzere kudziyang'anira padazi lake ngati pakalilole. M'lachiwiri munali akuluakulu awiri atapatsana misana, milomo itatalika moti mbalame zinaterapo. M'lachitatu munali tambala ndi msoti atavala majekete, atakhala pamipando ya ankhoswe, tambala akuti, "Ana awiriwa akangana chiyaninso? Tiwayanjanitse, ukwati wathu ukuchedwa."

A Gwaza anayang'ana nthawi yaitali. Analuma mlomo. Anakweza maso kuyang'ana pakhonde, ndipo Rabi anatukula m'mbali mwa kachipewa kake pang'ono chabe. Dazi lake linali lalikulu kuposa la a Gwaza.

Basi, phwete linaphulika. A Gwaza anaseka mpaka kugwira nthiti.

"A Chikaonda, tabwerani mudzaone mlomo wanu!"

A Chikaonda anasuzumira monyinyirika, kenaka nawonso anagwa nako kuseka. "Wanga ngwabwino, akulu. Wanuwu patera mbalame ziwiri!"

Pepala linayenda dzanja ndi dzanja mpaka linafika kwa Mwandida, amene anaseka misozi ikadali m'masaya. A Gwaza ananyamula tambala uja, n'kumusisita khosi.

"Bwera kuno, m'bale wanga," anatero. "Ife a dazi tisamatayane."

Nachisale ndiye anayamba kuimba nthungululu, ndipo mphasa zinayalidwanso.

Madzulo anthu akubalalika, mayiyo anauza anzake kuti, "Malumo athu onse anabuntha lero. Mlendo ndiye wadza ndi kalumo kakuthwa." Mawuwo anawoloka dambo limodzi ndi akuchimuna, ndipo anafalikira m'midzi yonse.

Ndiye chake, ana inu, mpaka lero timati: mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Anthu okhala pamodzi amazolowerana, nzeru zawo n'kubuntha pa vuto limene lili pakhomo pawo. Wochokera kutali amaliona ndi maso atsopano. Mukaona mlendo, ngakhale chipewa chake ndi malankhulidwe ake zikhale zachilendo, muyalireni mphasa. Simudziwa chimene wanyamula m'thumba.